Nyani wa pa Gareta

Msuweni wanga ndinayamba kumutukana ndisanadziwe n'kulemba komwe. Ndi mwana wa malume anga, mlongo wawo wa amayi, ndipo kwathu ku Dowa munthu wotere sumupatsa ulemu. Umamuseka, umamulanda chinangwa m'manja, umamutchula mwamuna wako pamaso pa anthu, iye n'kubweza, akuluakulu n'kumangopukusa mitu akuseka. Amandiposa ndi zaka zitatu. Ine ndinkamutchula nyani chifukwa cha chipumi chake chotsika ndi mikono yaitali. Iye ankanditchula bakha chifukwa cha kayendedwe kanga, ndipo sindingamutsutse, mapazi anga amayang'ana kunja mpaka lero.

Tili ana, anyamata onse ankaumba ng'ombe zadongo kudambo. Iye ng'ombe zinkamutopetsa. Ankaumba anthu a m'mudzi, koma atawasandutsa nyama. Aphunzitsi aakulu anali nkhukundembo yovala tayi. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene ankakonda kukalipira ana, anali nkhumba yonyamula beseni. Sankalemba dzina, koma aliyense akangoona ankadziwa mwini wake, ndipo anakwapulidwapo kangapo chifukwa cha zimenezi. Pa chala chake chachikulu cha kumanja panali chipsera cha mpeni, anadzicheka akusenda nzimbe, moti chilichonse chimene waumba chinkakhala ndi kamzere kopingasa pamene wadinda. Akakana kuti si iye waumba, akuluakulu ankangotembenuza kanthuko n'kumuonetsa mzerewo.

Anaphunzira za miyala, n'kudzapeza ntchito ku migodi ya kuno. Ankakwera ndege kupita kumpoto, milungu iwiri kumgodi, umodzi kunyumba kwake pafupi ndi Morley, mumzinda uno wa Perth. Ndiye amene anandithandiza kuti nanenso ndibwere. Tsiku limene ndinafika, anaima pa bwalo la ndege pakati pa azungu n'kufuula kuti, "Taonani bakha, mapiko ali nawo koma wabwera pa tikiti!" Mkazi wake, mayi wa ku Chipata, anaseka mpaka kugwira chipilala, ndipo kuyambira tsiku limenelo akafuna kundiputa amanditchula mkazi mnzake. Ndinapeza ntchito ku Kewdale, m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu wobwera pa sitima, komwe ndimavala vesiti ya olenji n'kumaloza kamakina pa mabokosi tsiku lonse. Ndinapeza kanyumba ku Balga. Kwa zaka zambiri Loweruka lililonse limene iye ali kuno ndinkapita kwawo kukadya ndi kukatukanidwa, ndipo ndinkabwerako nditapepukidwa.

Sitiroko inamugwira m'mawa wina ali kumgodi, akumanga zingwe za nsapato. Anamubweretsa pa ndege. Mbali yonse ya kumanja inafa, mwendo, mkono, ndi mawu omwe anatsala ochepa, otuluka limodzilimodzi movutikira. Nditalowa m'chipinda cha kuchipatala n'kuona chimunthu chija chitagona ngati thumba la chimanga, ndinasendera pafupi. Ndinagwada pambali pa bedi, maso ali pa bulangete, n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, achimwene?"

Chibadwire changa ndinali ndisanamutchulepo achimwene. Mawuwo anangotuluka okha, ndipo atatuluka anakhazikika. Atabwerera kunyumba ndinapitiriza. Ndinkalowa mwakachetechete, kulankhula motsitsa, kumukonzera pilo, kumufunsa ngati akufuna tiyi. Nkhope yake sindinkaiyang'ana. Ndinkadziuza kuti ndi ulemu, kuti munthu wodwala sumuyang'anitsitsa, koma anali mantha basi. Ndinkaopa kuona chimene chatsala.

Sindinali ndekha. Nyumba yonse inasanduka ya manong'onong'o. Anzake a kumgodi ankabwera ndi zipatso n'kumayang'ana wailesi yakanema. A kumpingo ankabwera Lamulungu masana n'kuimba nyimbo zapansipansi. Iye ankangokhala pa wilitcheya pafupi ndi zenera. Mayi wa mafizo, mzungu wamtali woleza mtima, anamusiyira kachitini ka chinthu chofewa ngati chingamu, chotchedwa putty, kuti azifinya ndi dzanja lakufalo. Anatiuza mosabisa kuti miyezi yoyambirira ndiyo yofunika, dzanja likangosiyidwa limauma, zala n'kupindikira mkati osatambasukanso. Msuweni wanga kachitiniko sanakatsegule. Mafizo ankachita pokhapokha mayiyo alipo, akachoka basi. Mwezi wachisanu uli mkati, zala zinali zitayamba kale kupinda.

"Amulamu, ine nalema," mkazi wake anandiuza tsiku lina kukhitchini, m'Chinyanja chake cha kwawo. "Sakamba na munthu. Nikamupasa ka putty kaja, ayangana kumbali. Manje nizachita bwanji?"

Chimene ndinatha n'kumuuza kuti Loweruka azipuma, ine ndizimutenga wodwalayo kokayenda.

Loweruka lina la mu Julaye tinapita m'tauni. Ndinkafuna tikakhale m'mbali mwa mtsinje, koma mvula ya kuno ya nyengo yozizira, yobwera chopingasa ndi mphepo, inatipeza tisanafike. Ndinakankha wilitcheya kuthawira m'nyumba yoonetsera zinthu zakale, ndipo tinapeza kuti mwabwera katundu wa ku Ejipito. Ine za ku Ejipito ndinkadziwa za ku Sande sukulu zokha, Farao wouma mtima, njerwa zopanda udzu, achule. Ndinkaganiza kuti anthu amenewo ntchito yawo inali kuzunza anzawo ndi kukonzekera kufa. Zipinda zoyamba zinanditsimikizira zomwezo. Mabokosi a maliro opakidwa golide, mitsuko yosungiramo zam'mimba za akufa, nsalu zokulungira mitembo. Ndinadzitukana mumtima. Munthu wanzeru angatengere wodwala kumalo oonetsa mabokosi a maliro? Ndinayamba kukankha mofulumira kufunafuna khomo lotulukira.

Ndi iye amene anandiimitsa. Anaponda pansi ndi phazi lake lamoyo, wilitcheya n'kukhota, ndipo tinaima pa kabokosi kagalasi ka pakona kamene anthu ankangokadutsa.

Munali tinthu ting'onoting'ono, tina tosapitirira chala, tosemedwa pa mwala woyera wofewa, utoto utatsalira apo ndi apo. Tinali tianyani. Kena kakuimba zeze. Kena kakumbatira mwana, kakumupsompsona. Kena kakudya chipatso masaya atatupa. Pakati panali kamene kanamuimitsa, nyani ataima pa gareta, wagwira zingwe, chifuwa patsogolo, ndipo okoka garetayo anali anyani anzake. Pambali panali chibenthu cha mwala chojambulidwa ndi inki, mbewa yonenepa itakhala pa mpando ngati dona, mphaka ataima akuikupizira mphepo.

Ndinawerenga kapepala kofotokoza. Kanati tianyani totere tinapezeka m'nyumba za anthu wamba, mumzinda umene mfumu ina inamanga zaka zoposa zikwi zitatu zapitazo. Mfumuyo inkakonda kujambulitsa pa makoma ikuyenda pa gareta ndi mkazi wake, ikupsompsona ana ake. Ndiye akatswiri ena amaganiza kuti tianyanito tinali kuseka banja lachifumu, ena amati tinali tidole ta ana chabe. Ine sindine katswiri, koma ndinakulira limodzi ndi munthu woumba nkhukundembo yovala tayi. Ndinangoona chifuwa cha nyaniyo n'kudziwa kuti wosemayo ankaseka ali yekha, ndipo anali ndi munthu m'maganizo.

Ndinali nditaima kumbuyo kwa wilitcheya, monga mwa masiku onse. Koma galasi la kabokosiko linali loyera kwambiri, ndipo mwangozi ndinaona nkhope yake mmenemo. Aka kanali koyamba kuiona bwinobwino chidwalireni. Mbali imodzi ya kamwa inali itagwa. Koma maso anali ake omwe aja. Ankayang'ana nyani wa pa gareta, kenako n'kukweza maso kundiyang'ana ine m'galasimo, nsidze imodzi itakwera. Anagogoda galasi ndi chala cha kumanzere, mlonda mpaka anatembenuka. Chipumi cha nyaniyo chinali chake ndendende.

Mawu anafika pakamwa panga ali okonzeka kale: taona agogo ako, anali ndi galimoto iwe usanabadwe. Ndinawamva kukoma kwake. Kenako ndinaona kamwa logwalo, ndinaona bulangete pa mawondo, n'kuwameza.

"Mwatopa, achimwene?" ndinatero. "Tizipita?"

Nsidze ija inatsika. Anachotsa chala pa galasi n'kuika dzanja pa bulangete. Ulendo wonse wobwerera sanayang'anenso kalikonse, ndipo titafika anakana chakudya.

Ndinazindikira chimene ndachita ndili m'basi, titangonyamuka pa Morley. Ndinakumbukira maliro a malume, bambo ake a iyeyo. Adzukulu, anthu okumba manda ndi kusamala mtembo, anavala jekete la malemuwo n'kumayenda motsimphina monga ankayendera, akukalipira anthu ndi mawu awo, ndipo amayi anga anaseka misozi ili m'masaya. Kwathu ngakhale womwalira amasekedwa ndi amene ali ndi udindo womuseka, ndipo n'chimene chimasonyeza kuti ndi wathu. Amene sasekedwa ndi mlendo. Msuweni wanga anali ndi mkazi womusambitsa, dokotala womupatsa mankhwala, ampingo omupempherera. M'dziko lonse lino munthu amene anali ndi udindo womutukana ndinali ine ndekha, ndipo kwa miyezi isanu ndinkamugwadira. Anandiitana pa galasi paja, ine n'kumuyankha ngati wantchito wa kuchipatala. Ndinachita manyazi kwambiri moti ndinapitirira pamalo pamene ndimatsikira.

Lolemba nditaweruka ndinapita kukasaka dongo. Nthaka ya Perth ndi mchenga wokhawokha, ungakumbe mpaka kutopa supeza choumbira, ndiye ndinakalowa m'sitolo ya zojambulajambula ku Morley n'kugula dongo lokulungidwa m'pulasitiki. Amayi anga akanamva kuti mwana wawo wagula dothi m'sitolo akanati ndapenga. Ine kuumba sindinadziwepo, ndili mwana ntchito yanga inali kunyamula zimene iye waumba n'kukaziyanika. Ndinavutika madzulo anayi pa tebulo la kukhitchini kuumba nyani wa pa gareta. Mawilo ndinaika zitsekerero za mabotolo a mkaka. Chipewa cha kumgodi ndinadula pa chivindikiro chachikasu. Mikono ndinaitalikitsa dala, umodzi n'kuupinda pachifuwa. Chipumi chinatuluka bwino kuposa china chilichonse.

Pa kamwa ndi pamene ndinaima nthawi yaitali. Ndikanalisiya lowongoka, akanakhala nyani wamba, ulemu womwe uja wovala chipewa. Iye sanaumbepo munthu n'kumubisira chilema. Ndinatseka maso, n'kukumbukira nkhope ija monga ndinaionera m'galasi, n'kukanikiza mbali imodzi ndi chotokosera m'mano mpaka inagwa.

Cholakwa changa chachikulu chinali tsiku. Loweruka dongo linali lisanaume, ndipo ndikanadikira Loweruka linalo, tili awiri. Koma ndinapita Lamulungu, kanthuko kali m'chikwama pamodzi ndi dongo lotsala, ndipo ndinapeza a kumpingo atadzaza pabalaza. Ndinakhala pakona ndi mtima woti ndidikira achoke. Ndiye mkulu wampingo, bambo wabwino ndithu amene sindimusungira kanthu, anayamba kupemphera ndi mawu aja otsika a pa maliro. Anati ngati kuli kufuna kwa Ambuye kuti mtumiki wawo apumule, ife tivomereza. Amayi anayankha ndi mausamoyo. Ndinatsegula diso limodzi. Msuweni wanga anali atayang'ana kuzenera, munthu wa zaka makumi asanu ndi mphambu zochepa, akumva anthu akumuperekeza ali moyo. Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ameni asanathe bwino ndinali nditaimirira.

Ndinaika nyaniyo pa kathebulo ka pa wilitcheya yake, pakati pa kapu ya madzi ndi kachitini kosatsegula kaja.

"Nyani iwe," ndinatero, "ku Ejipito ndinakupeza uli pa gareta anzako akukukoka. Kuno uli pa wilitcheya ine ndikukukankha. Ulesi wa mtundu wanu unayamba kalekale."

Ambiri mwa anthuwo anali a kwathu, chisuweni amachidziwa bwino, koma palibe anaseka. Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa n'kunena chapansipansi kuti, "Mayi, zinthu zili ndi nthawi yake." Msuweni wanga anayang'ana kanthuko. Anakayang'ana nthawi yaitali, mpweya ukumveka m'mphuno. Khosi lake linayamba kutupa mitsempha. Kenako anakweza dzanja la kumanzere n'kukankha zonse, kapu, kachitini, nyani, n'kugwera pa matailosi. Mutu unagubuduzika mpaka pa nsapato ya mkulu wampingo.

"Choka," anatero. Mawu amenewo anatuluka bwinobwino, osakakamira.

Mkazi wake anandigwira pamkono n'kundiperekeza pakhomo. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangoti, "Amulamu, yendani chabe." Ndinatuluka opanda chikwama changa cha nsalu, ndinachikumbukira ndili kale pa basi.

Panapita masiku khumi ndi awiri popanda foni. Kuntchito ndinkaloza kamakina pa bokosi limodzi kawiri, mpaka kapitawo anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinkalemba uthenga wopepesa n'kuufufuta. Tsiku lina ndinkadziona wolakwa kotheratu, mayi wamkulu wochititsa manyazi munthu wolumala pamaso pa alendo. Tsiku lina ndinkapsa mtima n'kumati nanga ndikanatani, ndizingoyang'ana akuuma? Chimene chinkandiwawa kwambiri chinali dzanja lija. Masiku ankapita, zala zikupindirapindira, ndipo ine amene ndinkayesa kuthandiza ndinali nditangomuwonjezera chifukwa china chotembenukira kukhoma. Loweruka loyamba ndinavala, n'kufika mpaka pokwerera basi, n'kubwerera.

Foni inalira Lachisanu pa nthawi ya nkhomaliro, ndili pa benchi kuseri kwa nyumba ya katundu. Anali mkazi wake.

"Bwelani mailo," anatero. "Afuna imwe."

"Ali bwanji? Akadali wokwiya?"

"Bwelani chabe, muzaona mweka."

Mawa lake anandichingamira pageti, ndipo tisanalowe anandiimitsa pafupi ndi mtengo wa mandimu n'kundifotokozera. Masiku atatu oyamba bamboyo sanalankhule ndi munthu. Tsiku lachinayi analoza kabati, kumene mayiyo anasunga zibenthu za nyani uja m'mbale, poti anachita mphwayi kuzitaya. Anazitembenuzatembenuza ndi dzanja la kumanzere, n'kutola mutu, n'kuuyang'anitsitsa. Kenako analoza chikwama changa. Anayesa kuumba ndi dzanja lamanzere, koma dzanja limenelo silinaumbepo chibadwire, zinkangotuluka mbatata. Anaponya ziwiri kukhoma. Tsiku lachisanu ndi chimodzi mayiyo akuchokera kokayanika zovala anamupeza atanyamula dzanja lake lakufa ndi lamoyo, waliika pamwamba pa dongo, akulikanikiza, thukuta lili kamukamu.

"Kuchokela apo ni daily," anatero. "Dongo yanu inasila, nagula ina. Mwanionongela tebulo, mukazi munzanga."

Msuweni wanga anali pakhonde la kuseri, tebulo litayalidwa manyuzipepala. Sanatembenuke. Pakati pa tebulo panali kanthu kophimbidwa ndi kansalu ka mbale. Ndinaima chapatali, manja ndilibe powaika, ndipo ulemu uja unayambanso kukwera kukhosi. Ndinaukaniza. Anakoka kansaluko.

Anali bakha. Kunena zoona anali woipa, mutu waukulu mbali imodzi, khosi lokhuthala, thupi losasalala. Nyani wa zaka khumi uja akanamuseka. Koma mapazi anayang'ana kunja, wina kum'mawa wina kumadzulo. Kumbuyo kunali kotambalala mopanda chifundo. Mlomo unali yasa, ngati wa munthu amene akulankhula pamene sanafunsidwe. Anamuveka vesiti yodula pa kathumba ka malalanje, ndipo pa phiko panapachikika kachikwama.

Ndinamunyamula n'kumutembenuza, monga ankachitira akuluakulu kwathu. Pamsana panali podinda chala, posazama, potsetsereka pang'ono ngati chalacho chinaterereka. Kamzere kopingasa kanali pomwepo.

Ndinafuna kulira, koma ndinadziwa kuti ndikalira ndawononganso. Ndinameza n'kunena kuti, "Ichi ndi bakha kapena chinangwa chovunda? Manja amenewa anakutumiza kusukulu ndi omwewa?"

Phokoso limene linatuluka mwa iye sindinalimvepo. Linali ngati chitseko chadzimbiri. Mapewa anagwedezeka, malovu anatsika, mkazi wake anabwera ndi kansalu, iye n'kukalanda n'kudzipukuta yekha. Atapuma analankhula, liwu limodzilimodzi, ndipo ndinadikira osamuthandiza.

"Una... chedwa."

"Ndikudziwa."

"Miyezi... isanu. Achimwene... achimwene." Anayesa kutengera mawu anga aulemu aja, opyapyala, ndipo ngakhale ndi lilime lolemeralo anandifanizira bwino moti mkazi wake anathawira kukhitchini akuseka.

"Nanga unaswera chiyani nyani wanga?" ndinafunsa. "Madzulo anayi ndinavutika naye."

Anayang'ana kumbali kaye. "Anthu," anatero, ndipo ndinamva. Pamenepo ndinapepesa, kamodzi, mwachidule, chifukwa pa chimenecho ndinalakwadi. Anagwedeza mutu. Kenako anafufuza pansi pa nyuzipepala n'kutulutsa mutu wa nyani uja, chipewa chachikasu chikadali pomwepo. Anauika pafupi ndi tsaya lake, kuti nkhope ziwirizo ziyang'ane kwa ine.

"Kamwa," anatero. "Wa... lakwitsa."

Sindinamve msanga. Ndinayang'ana kamutuko. Kamwa lake linagwera kumanzere. Ndinaumba chimene ndinaona m'galasi la ku nyumba ya zakale ija, nditaima kumbuyo kwake, ndipo galasi limatembenuza zinthu. Miyezi isanu ndikulowa m'nyumba imeneyo, kumukonzera pilo, kumufunditsa bulangete, sindinkadziwa mbali imene nkhope ya msuweni wanga inagwera.

Dzanja lija silinabwerere lonse, ndisanamize munthu. Kumgodi sanapitenso. Supuni amagwira, mabatani amamuvutabe, ndipo zala ziwiri zakumapeto zinapindiratu. Pa shelefu ya pabalaza pawo pali mzere tsopano, mayi wa mafizo ali nyamalikiti, mkulu wampingo ali kadzidzi wotseka maso, ndipo mwini wake anadzizindikira yekha n'kupempha kuti amuumbire wina wopita naye kunyumba. Bakha ali kwanga ku Balga, pamwamba pa firiji. Koma zonsezo zinabwera pambuyo. Tsiku limenelo pakhonde paja panali kamutu ka dongo kolakwika, ndi ine nditaima maso ali pa manyuzipepala.

"Bakha," anatero.

"Ee."

"Tandi... yang'ana."

Ndinakoka mpando n'kukhala patsogolo pake, mawondo athu atagundana, n'kumuyang'ana. Kamwa linagwera kumanja. Diso la mbali imeneyo linali lotsika pang'ono, likuchucha madzi. Ndevu zinali zitachita imvi zimene sindinazione zikubwera. Ndinayang'ana zonsezo mosathamanga, iye osaphethira, mpaka nditaidziwanso nkhopeyo.

"Wakalamba, nyani," ndinatero. "Ndipo wanyansa kuposa kale."

Anakankhira dongo mbali yanga ndi dzanja lake lamanja, pang'onopang'ono, mpaka linafika.

"Konza," anatero.